Agogo akangoti zii madzi ataphwa: tiyambire pati?

Madzi a Freddy ataphwa mu 2023, tonse pakhomo pathu tinali kalikiliki kuwerenga zomwe zinapita: mbuzi, matumba a mapira, malata, makope a ana. Agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga, sitinawaike m'gulu la zotayika, poti anali moyo ndipo tinkawaona tsiku ndi tsiku ali pamphasa kuseri kwa tenti. Koma agogo amene anatuluka mumsasa muja sanali amene analowamo. Munthu amene ankalawira kudimba tambala asanalire kachiwiri, amene ankangoyang'ana mtundu wa madzi n'kukuuzani kuti Shire afika pati chaka chino, anangoti zii. Nsima ankangoitema kawiri n'kukankha mbale. Ife tinkati ndi ukalamba. Ena oyandikana nafe anayamba kunong'onezana zoipa kuposa pamenepo. Tinataya miyezi yambiri tisanapite nawo kuchipatala, ndipo miyezi imeneyo imandiwawabe.

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje taona madzi mu 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy. Okalamba athu apirira zonsezi ndi maso ofooka, mawondo otupa ndi makutu osamva bwino. Zili m'munsizi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza kalelo, m'ndondomeko imene zimayenera kuchitikira.

Choyamba: dzifunseni kuti zayamba liti

Funso limeneli ndi limene lingapulumutse moyo, choncho ndichedwapo pang'ono.

Ngati agogo anali bwinobwino dzana, koma lero akubwebweta, sakuzindikira ana awo, akuona zinthu zomwe palibe, masana akungogona koma usiku akufuna kutuluka, musati misala, ndipo musadikire. Munthu wachikulire akabalalika mutu mwadzidzidzi, kawirikawiri m'thupi mumakhala muli matenda: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena wokwera kwambiri, kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Chomalizachi n'chathu kwambiri ife akuno kumunsi. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Ngabu kapena ku Bangula limapitirira madigiri 40, pomwe munthu wokalamba samva ludzu msanga ngati mnyamata. Ena amachita kudzimana madzi dala poopa kuvutitsa anthu kuti awaperekeze kuchimbudzi. Wotereyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati akutha kumeza, muziwamwetsa madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono m'njira. Mukaona kukamwa kwapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi walefuka, mawu akutuluka mokoka, imeneyo ingakhale sitiroko. Musawamwetse kanthu ngati akutsamwa. Pezani galimoto, njinga yamoto kapena ngolo nthawi yomweyo.

Ngati kusinthako kwatenga masabata, makamaka pambuyo pa maliro, madzi osefukira kapena kusamuka, ganizirani za matenda a maganizo. Munthu amakhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, zomwe ankakonda sizimukomanso, chakudya chimamukanika, amadzuka pakati pa usiku tulo osabweranso, ndipo zimenezi zimapitirira masabata awiri. Okalamba athu sanena kuti akhumudwa. Amati, "Mtima ukundithamanga," "M'mutu mukutentha," "Thupi lonse laphwanya," kapena "Ndikungoganiza kwambiri." Agogo anga ankangoti, "Ine ndatha ntchito, mdzukulu wanga." Matenda amenewa amachizika, ngakhale kwa munthu wa zaka 80.

Ngati kuiwala kwabwera mwakachetechete, chaka ndi chaka kukunkirankira, mpaka munthu kusochera pa njira ya kumjigo imene waiyenda moyo wake wonse, kuika mchere kawiri mundiwo, kufunsa za munthu amene anamwalira kalekale, amenewo angakhale matenda oiwalaiwala amene achipatala amati dementia. Ndi matenda a ubongo. Mankhwala owathetseratu palibe, koma kasamalidwe kabwino kamachepetsa mavuto ambiri. Dziwaninso kuti zitatuzi zimatha kukumana mwa munthu mmodzi, n'chifukwa chake kugamula ndi kwa achipatala.

Chachiwiri: pitani kuchipatala mutakonzeka

Pamzere anthu amakhala ambiri, adokotala amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo agogo akafunsidwa amangoti, "Ndili bwino, mutu wokha." Apo mubwerako ndi Panado basi. Choncho musananyamuke, tengani pepala mulembe: zinayamba liti, akudya bwanji, akugona bwanji, agwapo kangati, mkodzo ukutuluka bwanji, akumwa mankhwala anji. Lembani ndi azitsamba omwe, ndi mowa womwe ngati amamwa. Kachasu amawonjezera chisoni, amawononga tulo ndiponso amagwetsa. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala omwe ali m'nyumba. Aperekeze ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, osati mlendo wochokera ku Blantyre amene wangofika dzulo.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, amene angakuuzeni tsiku limene oona za matenda a maganizo amabwera kuderalo. Zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje ndi zaulere, ndipo kumeneko funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kulinso zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, komwe kumakhala kolipira. Zikakula, iwo ndi amene amatumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ambiri akangomva za Zomba amachita mantha n'kubisa wodwala m'nyumba, chonsecho odwala ochuluka amathandizidwa konkuno akugona kwawo.

Pemphani kuti awayeze BP, shuga, malungo ndi kuchuluka kwa magazi, awaonenso maso ndi makutu. HIV nayonso ayezedwe. Timachita manyazi kutchula zimenezi kwa makolo, koma kachilombo sikaona imvi, ndipo kakakhalitsa m'thupi popanda mankhwala kamafooketsa ndi ubongo womwe. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo musaiwale botolo la madzi.

Chachitatu: funsani za imfa, musaope

Wokalamba akayamba kunena kuti, "Bola ndikanapita ndi madzi aja," kapena akayamba kugawa katundu wake popanda chifukwa, musamuseke, musamudzudzulenso kuti akuchimwira Mulungu. Khalani naye pansi awiriwiri mumufunse mofatsa: "Agogo, kodi mumaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Ambiri mtima umakhala pansi poona kuti wina wazindikira. Akavomera, asakhale okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala opopera thonje, tameki, zingwe ndi mapiritsi ambirimbiri zichoke m'nyumba, zikasungidwe kwa wina. Izi muzichite makamaka kwa abambo achikulire amene ng'ombe zawo zinapita kapena akazi awo anamwalira, chifukwa iwo amavutikira mumtima osauza munthu.

Chachinayi: za mankhwala

Mankhwala a matenda a maganizo monga fluoxetine ndi amitriptyline sagwira ntchito ngati Panado. Pamapita masabata awiri mpaka anayi, mwina kuposerapo, munthu asanayambe kupepukidwa. Mabanja ambiri amasiya sabata yoyamba, amvekere sakuthandiza. Ena amasiya wodwala akangoyamba kuseka, matenda n'kubwereranso. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mankhwalawa apitirire kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi munthu atapeza bwino, ndipo posiya azichepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala.

Thupi lokalamba silichedwa kulemedwa ndi mankhwala. Amitriptyline amatha kuumitsa kukamwa, kudzimbitsa, kuvutitsa pokodza ndi kuchititsa chizungulire munthu akadzuka msangamsanga. Aphunzitseni agogo kuyamba akhala kaye pamphasa asanaimirire. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kutulutsa dovu. Mukaona zotere bwererani kuchipatala mukanene, adzachepetsa kapena kusintha. Munthu mmodzi pakhomo ndiye azisunga ndi kupereka mankhwala, aziika chizindikiro pa kalendala. Mapemphero asalekeke, amalimbitsa mtima, koma aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala ngati umboni wa chikhulupiriro akumuika pa ngozi.

Chachisanu: konzani maso, makutu ndi njira ya kuchimbudzi

Apa ndi pamene ine ndinatsegukira maso. Tinkati agogo sakufuna kucheza ndi anthu, osadziwa kuti sankamva zomwe anthu akunena, ndipo ankachita manyazi kumangoti "Mwati?" Diso limodzi linali litachita ng'ala. Chimbudzi chatsopano tinakumba kutali, kuseri kwa khola, njira yake yokumbikakumbika ndi madzi. Atagwa kamodzi usiku, anayamba kudya pang'ono ndi kumwa pang'ono kuti asamapiteko. Ifeyo ndi amene tinawonjezera ulumali wawo ndi khasu lathu lomwe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi muno ali ndi ulumali wina wake, ndipo munthu akamakula mpata wokhala nawo umakulanso. Koma kulemera kwa ulumali kumadalira malo amene munthu akukhala. Bondo lomwelo limene limamulola munthu kuyenda pabwalo losalala limamutsekera m'nyumba ngati pakhomo pali chitunda chachitali. Ndiye yendani pakhomo panu ndi maso a agogo. Salazani njira ya kuchimbudzi ndi kubafa, muzike mitengo yogwira m'mbali mwake kapena mumange chingwe cholimba choti azitsata. M'chimbudzi muike mpando wobowola pakati ndi mtengo wogwirira podzuka, poti kunjuta ndi kumene kumawagonjetsa ambiri. Usiku pakhale chidebe chovundikira pafupi ndi tochi pamutu pa mphasa. Ndodo ikhale yofika pamfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali pansi, kunsi kwake muvekeko kachidutswa ka tayala kuti isaterereke, ndipo aziigwira ndi dzanja la mbali imene mwendo uli wabwino.

Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo anthu ambiri amaonanso. Funsani kwa oona za maso pa chipatala cha boma kuti akuuzeni tsiku lake, kapena akutumizeni ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth. Musalole munthu kudonthezera madzi a zitsamba m'diso. Makutu nawo nthawi zina amangokhala atatsekeka ndi phula, lomwe achipatala amachotsa mosavuta. Polankhula ndi wosamva bwino, khalani kutsogolo kwake poyera kuti aziona milomo yanu, mulankhule momveka koma osakalipa.

Amene anafa ziwalo ndipo amangogona, muziwatembenuza pakapita maola awiri alionse, khungu likhale louma, ndipo tsiku lililonse muziona m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene ngati pakuyamba chilonda. Kutentha kwa kuno chilonda sichichedwa kukula. Achipatala oona za mafizo akuonetseni mmene mungawongolere mkono ndi mwendo, kuti mfundo zisaume.

Pitaninso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma. Dziko lino lili ndi lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, komanso lamulo la anthu achikulire la 2024. Bungwe loona za anthu aulumali limene tinkalidziwa kuti MACOHA pano ndi MACODA. Funsani za njinga ya olumala, ndodo zoyendera ndi Mtukula Pakhomo. Sikuti mukangofunsa mulandira, koma dzina limene silinalembedwe paliponse silifikiridwa n'komwe. Chiphaso cha unzika cha agogo chikhale chosungika bwino.

Chachisanu ndi chimodzi: abwezereni ntchito yawo

Mankhwala anawabwezera agogo tulo ndi chilakolako cha chakudya. Koma chimene chinawabwezera mawu ndi mtolo wa mlaza. Malume anabwera nawo tsiku lina n'kuuika pafupi ndi mphasa yawo, amvekere, "Amayi, dengu lathu linapita ndi madzi, ndipo palibe amene amaluka ngati inu." Masiku awiri sanaukhudze. Tsiku lachitatu ndinawapeza aviika mlaza m'beseni, akung'amba ndi chikhadabo cha chala chachikulu, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Dengulo linatuluka lopotoka mbali imodzi. Tinaligwiritsa ntchito mpaka linatha.

Ife osamalira timalakwitsa chifukwa cha chikondi. Timawalanda chilichonse: "Khalani pansi agogo, tichita ndife." Munthu amene walera mudzi wonse akamangopatsidwa phala ngati khanda, amayamba kudziona ngati katundu. Apatseni ntchito yoti aikwanitsa ndiponso yofunikadi pakhomo: kusankha mbewu ya mapira, kusenda nyemba, kuyang'anira nkhuku, kusoka ukonde, kulera mwana pamthunzi. Yambani ndi yaing'ono, ya mphindi zochepa. Muziwafunsa nzeru pa zinthu zenizeni, monga pobzala mbatata kudimba madzi akamaphwa. Adye limodzi ndi anthu. Ngati kutchalitchi kapena kumzikiti kwatalika, pemphani anzawo a mumpingo azibwera, ndipo abambo muwapezere mnzawo wa bawo. Kuyenda pang'ono m'mawa kapena dzuwa litapepa kumathandiza miyendo ndi mtima womwe.

Muwalolenso alire. Amene anasamukira kumtunda kuchoka m'malo ngati Makhanga anasiya zambiri kuposa nyumba. Anasiya mitengo imene anabzala ndi manda a abale awo. Agogo anga chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti manda a amuna awo anakwiririka ndi mchenga. Sitinkadziwa mpaka tsiku limene ndinasiya kuwalimbikitsa n'kungokhala chete pambali pawo. Mawu oti "iwalani, zinapita" amatseka pakamwa. Bola kunena kuti, "Tandiuzeni, agogo, kunali bwanji kumene kuja?" Kuchira kwake sikuyenda mowongoka. Mitambo ikayamba kuda mu Disembala, mantha ndi kusowa tulo zimatha kubwerera, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti zonse zalephereka.

Chachisanu ndi chiwiri: dulani nkhani ya ufiti isanakule

Wodwala matenda oiwalaiwala amatha kutuluka usiku, kupezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha atavula, kapena kuvomera chilichonse chimene wafunsidwa mwaukali. M'midzi mwathu zimenezi zaphetsa okalamba osalakwa. Musadikire kuti zifike pamenepo. Mukangobwera kuchipatala, pitani kwa amfumu ndi kabuku kaja mukawafotokozere, muuzenso atsogoleri a mpingo ndi oyandikana nawo: "Agogo akudwala matenda a ubongo. Mukawaona akuyenda okha, chonde tibweretsereni." Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wina akayamba kuopseza, kanenani kupolisi ya m'mudzi ndi ku ofesi ya Victim Support kupolisi mawu asanasanduke miyala. Zimapweteka kunena, koma nthawi zambiri woyambitsa amakhala wachibale amene maso ake ali pa munda kapena ng'ombe.

Pakhomo, wodwala wotere musamutsutse. Akafunsa za mchemwali wake amene anamwalira zaka 20 zapitazo, kumuuza za malirowo kumamuliritsa ngati wamva kumene. Ingonenani kuti, "Mwawasowa eti? Anali munthu wotani?" Zinthu zizichitika pa nthawi yofanana tsiku lililonse, katundu wawo asamasunthidwesunthidwe. Sokererani kansalu kolembapo mudzi ndi nambala ya foni m'kati mwa chovala chawo, ndipo pachitseko mupachike kabelu kapena zitini zoti zizilira usiku. Kwa ife okhala pafupi ndi Shire, Ruo kapena Mwanza, njira ya kumtsinje ndiyo yoyamba kuyang'anira, chifukwa cha madzi ndi ng'ona. Kumanga munthu ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba yotentha ayi, kumawonjezera mantha ndi ukali, ndipo ndi nkhanza. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Wosamalira naye ndi munthu

Kawirikawiri mtolo wonse umagwera mayi mmodzi, kapena mtsikana amene amasiyitsidwa sukulu. Itanani abale mugawane poyera: uyu masiku akuti, uyu ndalama ya sopo ndi thiransipoti, uyu kuperekeza kuchipatala. Amene ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg atumize pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi ndi mwezi, asamangodikira kudzagula bokosi. Wosamalira akayamba kusowa tulo, kulira yekha kapena kukalipira wodwala, apatsidwe masiku opuma, ndipo naye akaonane ndi achipatala.

Mvula isanagwe

Mu Okutobala, pitani kwa a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu mukalembetse kuti pakhomo panu pali munthu wosatha kuthamanga, wosamva kapena wosaona. Chenjezo la pa wailesi kapena la chimkuzamawu silimufika munthu wogontha, choncho pakhale munthu wodziwika amene adzamugogodere. Gwirizanani kuti adzanyamule agogo ndani, pa njinga, pa ngolo kapena pa bwato la yani, ndipo iwo azikhala oyamba kupita kumtunda chenjezo likangomveka, madzi asanafike m'mawondo. Auzeni iwo eni za dongosololi kukadali kouma, kuti tsikulo asadzakane. Mukafika kumsasa, pemphani malo apafupi ndi chimbudzi ndi mjigo, ndipo muonetsetse kuti dzina lawo lalembedwa pa kaundula wa chakudya, chifukwa pokankhana pamzere wokalamba ndiye amatsalira.

M'jumbo ya pulasitiki yomanga bwino muikemo kabuku ka kuchipatala, chiphaso cha unzika, mankhwala osachepera a mwezi umodzi, tochi, magalasi ngati amavala, ndi pepala la manambala a foni a abale. Yathu timaipachika pa msomali wa pamwamba pa chitseko, pambali pa ndodo ya agogo, ndipo mwana aliyense pakhomo amadziwa kuti wotuluka ndi agogo ndiye amaitenga.